Multi-tool ikamavuta: zizindikiro, zoyambitsa ndi kakonzedwe kake

Makina onjenjemera odulira, kupalira ndi kusalazira, amene amisiri amangoti multi-tool, ayamba kupezeka m'mashedi a akalipentala ndi m'zikwama za oyala matailosi kuyambira kuno ku Dedza mpaka ku Ntcheu. Ena amagula ku Lilongwe, ena amawabweretsera achibale ochokera ku Joni. Madandaulo ake ndi omwewo omwewo: sikudula, ikuwotcha thabwa, mpeni ukukhwefuka, sandipepa akugwa. Ambiri amathamangira kunena kuti mota yatha. Nthawi zambiri mota imakhala ilibe mlandu. Vuto limakhala pa mpeni, umene ena amati buledi, ndi pa dzanja la woigwira.

Kuti mumvetse zonse zili m'munsimu, dziwani kaye mmene chipangizochi chimadulira. Mpeni wake suzungulira ngati wa galayindala. Umangogwedezeka uku ndi uku pa ngodya yaing'ono ya madigiri pafupifupi 3, koma kambirimbiri: pa liwiro lapamwamba makina ambiri amafika 20,000 pa mphindi imodzi. Kunsonga kwa mpeni wamba, mano amangoyenda mamilimita 4 kapena 5 basi. Sowo yamanja ikamapita ndi kubwera imatulutsa utuchi yokha. Iyi ayi. Utuchi umatsalira momwemo mumng'alu, mano amadzaza, ndipo chotsatira ndi kutentha. Mukakanikiza kwambiri, mpeni umaima n'kuyamba kugwedezeka makinawo m'manja mwanu. Kampani ya Fein ya ku Germany inayamba kugwiritsa ntchito njira imeneyi mu 1967 pa sowo yodulira pulasitala wa anthu othyoka m'zipatala, ndipo mpaka lero makinawa amadula ndi liwiro, osati ndi mphamvu za mkono.

Musanakhudze mpeni kapena kumasula sikuruu iliyonse, zulani pulagi kapena chotsani batire. Kungozimitsa switchi sikukwanira.

Ikulira bwinobwino koma sikudula, kapena ikudula mwaulesi

Ili ndiye dandaulo lalikulu.

1. Mpeni wabuntha. Uyang'aneni padzuwa. Mano akuthwa nsonga zake sizioneka, koma obuntha amanyezimira kunsonga ngati apakidwa siliva. Ngati chitsulo cha pafupi ndi mano chasanduka chabuluu kapena chakuda, mpeniwo unapsa ndipo unafewa, ngakhale mano akuoneka ngati alipo. Sinthani. Mpeni wa multi-tool uli ngati lezala, sukhalitsa, ndipo ukabuntha umatopetsa mota.

2. Mpeni si wa ntchito imeneyo. Werengani zilembo zili pampenipo.
- HCS ndi wa matabwa opanda misomali, pulayiwudi ndi pulasitiki. Ukakhudza msomali umodzi wokha, watha.
- BIM ndi wa matabwa okhala ndi misomali wamba, paipi ya kopa, aluminiyamu ndi chitsulo chopyapyala chofewa.
- Wa mano a carbide, chitsulo cholimba kwambiri, ndiye wa masikuruu olimba, mabawuti ndi misomali ija yokhomera pakhoma la simenti. BIM pa zimenezi umangosalala.
- Wopanda mano, wokhala ndi timiyala ta carbide kapena dayamondi m'mphepete, ndi wa girawuti (chotsekera mipata ya pakati pa matailosi) ndi guluu wa matailosi. Pa thabwa umangowotcha.

Matabwa ophwasula padenga lakale kapena a mapaleti aziyesedwa kuti ali ndi misomali ngakhale simukuiona. Yambani ndi BIM.

3. Mukukanikiza. Mvetserani kulira kwa mota. Ikangosintha mawu n'kuyamba kulira mwabesi, mwapyola. Bwezani dzanja mpaka mawu abwerere mmene analili. Kulemera kwa makinawo kuphatikiza kukankha pang'ono ndi kokwanira.

4. Utuchi sukutuluka. Musaimike mpeni malo amodzi. Uyendetseni pang'onopang'ono kumanzere ndi kumanja m'litali mwa mzere, ndipo pakapita masekondi angapo utulutseni makina akulirabe kuti utuchi ugwe. Poboola pakati pa thabwa musalowetse mano onse nthawi imodzi. Pendeketsani, ngodya imodzi iyambe kulowa, kenako muwongole.

5. Liwiro lili pansi. Kagudumu ka liwiro kamatembenuka kokha m'chikwama. Pa matabwa ikani pamwamba, 5 kapena 6 ngati kagudumuko kamalekeza pa 6.

6. Foloko ya m'mutu wa makina, kachitsulo kamene kamagwedeza mpeni, yatha kapena yasweka. Izi sizichitikachitika. Zulani pulagi, gwirani mpeni ndi nsalu, muugwedeze uku ndi uku. Uyenera kukhala nji. Ngati ukusewera ndi mutu womwe pamene bawuti ndi lomanga, vuto lili mkati. Onani gawo la phokoso.

Pali ntchito zina zimene si zake, ndipo palibe mpeni ungasinthe zimenezo. Kung'amba thabwa lalitali, kudula mtengo wa bulugamu wouma, kusema khoma la njerwa poika mapaipi a nthambo, kudula tailosi ya pansi pakati: tengani sowo kapena galayindala. Multi-tool ndi ya pamalo opanikizika, kudula chinthu mofanana ndi khoma kapena pansi, ndi kuboola kabowo ka makona anayi.

Thabwa likuda, utsi ukutuluka

Zoyambitsa zoyambirira ndi zomwe zija: mpeni wobuntha, kukanikiza, utuchi wosatuluka. Koma kuno kuli chinanso chimene chimasokoneza ngakhale amisiri odziwa, ndicho utomoni wa paini.

Matabwa a paini ochokera m'nkhalango za ku Dedza ndi Chongoni ali ndi utomoni wambiri, makamaka pa mfundo. Mpeni ukatentha, utomoniwo umasungunuka, kusakanikirana ndi utuchi, n'kuuma pakati pa mano ngati phula. Mpeni watsopano umaoneka ngati wabuntha utangodula matabwa awiri. Musautaye. Uchotseni, muunyike mu palafini mphindi khumi, mukwecheni mano ndi mswachi wakale, mupukute uume, kenako yesaninso. Ambiri amabwerera mwakale.

Thabwa laliwisi ndi vuto lina. Ocheka ambiri amagulitsa matabwa asanaume. Utuchi wa thabwa lotere ndi wonyowa, umamatirira, ndipo mng'alu umatsekeka n'kupana mpeni. Mukamva mpeni ukugwidwa pobwerera, dulani mzere wachiwiri pambali penipeni pa woyambawo kuti mpata ukule, kapena khomani kamtengo kosongoka mumng'alu kuti utseguke. Mpeni wa mano akuluakulu otalikirana, aja amati mano a ku Japan, umatulutsa utuchi bwino pa paini, koma manowo ndi osachedwa kuthyoka ndipo sagwirizana ndi msomali ngakhale pang'ono.

Pa mlombwa, mbawa ndi bulugamu wouma, kuda pang'ono m'mphepete sikupeweka ngati mukulowa mozama. Dulani pang'onopang'ono, mamilimita 10 kenako kutulutsa, m'malo mofuna kupyoza kamodzi. Mukamaliza, fufuzani mulu wa utuchi pansipo. Utuchi wotentha umatha kunyeka mwakachetechete mkati mwa siling'i kapena kuseri kwa kabati mpaka madzulo.

Pulasitiki ndi paipi ya PVC zikamasungunuka m'malo moduka, tsitsani liwiro lifike pakati. Pa chitsulo chitaninso chimodzimodzi, ndipo donthezani kadontho ka oyilo pamano.

Mpeni ukukhwefuka, ukutembenuka kapena ukugwa

1. Sunakhale bwino pa timano ta mutu. Pansi pa mutu pali timano timene timalowa m'timabowo ta mpeni. Makina ambiri ali nato 12, ndiye chifukwa chake mpeni umatha kuikidwa mopendeka madigiri 30 aliwonse. Ngati kabowo kamodzi kakwera pamwamba pa dzino, bawuti limalimba koma mpeni uli chopendekera. Masulani, pukutani, khazikani mpaka ugone fulati, kenako mangani.

2. Fumbi launjikana pamutupo. Fumbi la simenti ndi girawuti limauma pakati pa timanoto. Chotsani ndi burashi ya waya.

3. Washa waikidwa chozondoka kapena watayika. Washa wa makina ambiri ndi wopindika ngati kambale ndipo amagwira ntchito ya sipuling'i. Washa wamba wa ku hadiweya sagwira chimodzimodzi. Onani chithunzi m'buku la makinawo.

4. Bawuti silinamangidwe mokwanira. Mangani ndi aleni kiyi yake, ndipo mukadula mphindi imodzi mangitsaninso. Musawonjezere paipi pa kiyi kuti mupeze mphamvu. Mazinga a mkati mwa mutu akatha, ndalama yake ndi yaikulu.

5. Mpeni ndi wa mtundu wina. Apa ndi pamene ambiri amataya ndalama. Pali makina a timano ndi bawuti, amene Bosch inkawatcha OIS. Pali a Starlock, amene Bosch ndi Fein anatulutsa mu 2016, omwe mpeni wake uli ngati kachitsekero ka botolo ndipo umangodinikizidwa n'kulira kuti khethe. Palinso ofuna mpeni wotseguka kumbuyo, monga ambiri a DeWalt. Makina a Starlock salandira mipeni yafulati ija yotchipa. Mpeni wa StarlockPlus kapena StarlockMax sulowa pa makina a Starlock wamba. Popita kogula, nyamulani mpeni wakale kapena makina omwewo, muyesere pakauntala pomwepo. Mawu oti "universal" olembedwa pa paketi musawakhulupirire musanayese.

6. Timabowo ta mpeni takula, kapena timano ta mutu tatha. Mpeni umene wagwirapo ntchito uli wokhwefuka timabowo take timakhala totambalala. Utayeni, chifukwa udyanso timano ta makina. Ngati timano ta mutu tomwe tasalala, pitani nayo kwa okonza.

Pa makina a kandodo kotsekera mopanda kiyi, kandodoko kakamalimba, uzirani fumbi ndi kudontheza oyilo pang'ono polumikizira. Musakamenye ndi hamala. Sipuling'i yake ndi yamphamvu ndipo imapana chala, choncho zala zisakhale pansi pake potseka.

Sandipepa akugwa, padi yasungunuka, kapena thabwa likutuluka ndi mizere

Padi ya makona atatu ili ndi timinga ta pulasitiki timene timagwira nsalu ya kumbuyo kwa sandipepa. Timingato tikatentha timasungunuka, ndipo nthawi zonse timayambira kunsonga ya kutsogolo. Pitanipo chala. Ngati pansongapo pasalala ngati pulasitiki wamba, padiyo yatha ndipo sikonzedwa. Guluu sathandiza.

Chimapha padi, kuyambira chofala kwambiri:
- Kuimika makina pansonga n'kukanikiza pofuna kuchotsa kabanga kamodzi. Goneketsani padi yonse pathabwa.
- Liwiro la pamwamba. Posalaza ikani pa 3 kapena 4.
- Kupitiriza ndi sandipepa wotha. Akasiya kudya amangotenthetsa. Nsonga ikatha, mumatuleni, mumutembenuze kuti ngodya ina ibwere kutsogolo. Pepala limodzi lili ndi nsonga zitatu.
- Kuyatsa makina padi ilibe sandipepa n'kukhudza nayo thabwa.

Ngati timinga tili bwino koma sandipepa sakugwira, ndi fumbi ladzaza. Kwechani ndi mswachi wouma. Ngati mapepalawo ndi aang'ono kapena aakulu kuposa padi, yezani: mapadi ambiri ndi a mamilimita 93, koma alipo ang'onoang'ono.

Sandipepa akamadzaza msanga ndi timibulu tolimba, ndi penti ya oyilo, vanishi kapena utomoni. Palani kaye ndi mpeni wopalira, wopanda mano uja, kenako musalaze. Pa penti yambani ndi nambala 40 kapena 60.

Mizere yopindika yooneka mukapaka vanishi imabwera chifukwa chodumpha manambala. Kuchoka pa 60 kupita pa 180 sikufufuta mabala a 60. Yendani 80, 120, 180, mukupukuta fumbi pakati. Ndipo tinene zoona: kusalaza chitseko chonse kapena pamwamba pa tebulo ndi kapadi aka ndi kudzizunza, ndiponso pamatuluka timaenje. Ndi ka m'makona, m'mphepete ndi pakati pa timitengo ta mpando.

Pochotsa girawuti, matailosi akubenthuka kapena mpeni ukutha msanga

Yezani kaye mpata wa pakati pa matailosi. Ngati mpeni ndi wokhuthala kuposa mpatawo, udya m'mphepete mwa tailosi, palibe kuchitira mwina. Pezani wopyapyala. Imikani mpeni chilili, yambani pakati pa mzere, liwiro lapakati, ndipo m'makona malizani ndi dzanja. Nyumba zambiri kuno anatseka mipata ndi simenti ndi mchenga m'malo mwa girawuti ya m'paketi. Imeneyo ndi yolimba ndipo imadya timiyala ta carbide mofulumira, choncho tengani mpeni wa dayamondi. Fumbi lake ndi loipa m'mapapo. Valani chotchinga mphuno cholembedwa FFP2 kapena N95, osati kansalu.

Oyala matailosi amakonda kudula pansi pa felemu la chitseko kuti tailosi ilowe. Pa felemu la thabwa ndi ntchito ya mphindi imodzi: goneketsani mpeni pa chidutswa cha tailosi, mudule. Pa mafelemu achitsulo aja odzazidwa ndi matope a simenti mkati, musayese. Mpeni udutsa chitsulo n'kukathera m'simenti. Dulani tailosiyo mozungulira felemu.

Ikunjenjemera mopitirira kapena phokoso lasintha

Makinawa ndi aphokoso chibadwire, ndipo zotseka m'makutu ndi zofunika. Chimene tikunena pano ndi phokoso latsopano.

1. Mpeni wokhwefuka kapena wong'aluka. Yang'anani pamene mano analumikizidwa ndi thupi la mpeni, ndiponso mozungulira timabowo. Chotsani mpeni, yatsani makina opanda kanthu. Phokoso likatha, vuto linali mpeni.

2. Chimene mukudula sichinagwidwe. Lata, pulayiwudi wopyapyala kapena paipi yolendewera imanjenjemera limodzi ndi mpeni, ndipo sipaduka kanthu. Panani ndi kilampu pafupi ndi mzere.

3. Masikuruu a chikuto amasuka. Kunjenjemera kumawamasula pakapita nthawi, makamaka anayi ogwira mutu. Mangani onse.

4. Girizi wa m'mutu wauma kapena wasakanikirana ndi fumbi. Mutu umatentha mpaka osagwirika pakangopita mphindi zochepa, ndipo umalira mokwecha. M'mutumo muli bering'i yokhala chopendekera pa shafiti ya mota, imene imakankha foloko uku ndi uku. Ngati makina alibenso waranti ndipo mumadziwa kumasula zida, tsegulani mutu, pukutani girizi wakale, ikani watsopano pa bering'i ndi m'kati mwa foloko. Musadzaze mutu wonse, girizi wochuluka amatenthetsanso.

5. Bering'i kapena foloko yatha. Kumamveka kugogoda ngati muli timiyala, ndipo girizi amakhala ndi tizitsulo tonyezimira. Imani pomwepo. Mukapitiriza, shafiti ya mota iwonongeka, ndipo pamenepo kukonza kumaposa kugula ina.

Ikutentha thupi, ikununkha, kapena ikuthetheka moto

Timabowo tolowera mpweya tili kumbuyo, pamene dzanja limakonda kugwira. Ambiri amatitseka ndi chikhatho osadziwa. Sunthani dzanja. Kenako uzirani fumbi ndi kompuresa kapena pampu ya njinga, pulagi ili yozula. Mukagwira ntchito ya simenti kapena girawuti, chitani zimenezi tsiku lomwelo.

Chachiwiri ndi kugwira ntchito yolemera pa liwiro lotsika kwa nthawi yaitali. Fani ya mkati imazungulira ndi mota, ndiye liwiro likatsika mpweya umachepa. Makina akatentha, achotseni pa ntchito, muwalize opanda kanthu pa liwiro lapamwamba mphindi ziwiri. Amazizira msanga kuposa kungowazimitsa.

Chachitatu ndi magetsi ofooka. Mababu akamayaka mofiira madzulo, kapena mnzanu akuwotcherera pa laini yomweyo, mota imasowa mphamvu, inu mumawonjezera kukanikiza, ndipo imatentha. Nthambo yowonjezera yaitali yopangidwa ndi waya wopyapyala wa mababu imachitanso zomwezo. Gwiritsani ntchito ya 1.5 mm², ndipo ngati ili pa gudumu itambasuleni yonse.

Chachinayi ndi maburashi, timakala tiwiri timene timapereka magetsi ku mota. Kuthetheka pang'ono kwa buluu kooneka m'timabowo ndi kwachibadwa. Kukakula n'kukhala kwachikasu, makina n'kumadukiza kapena kufuna kumenyedwa kuti ayake, tulutsani maburashi. Akafupika kufika mamilimita 5 kapena 6, kapena akabenthuka, sinthani onse awiri pamodzi ndi ofanana nawo kukula. Oyenera amatsetsereka m'nyumba yake osagwira komanso osasewera. Mukaika atsopano lizani makina opanda ntchito mphindi zingapo kuti akhazikike. Pa maburashi ndi pamene zengerezu analinda kwawukwawu: akatheratu, sipuling'i imakanda timizere ta kopa ta pa amecha, gawo la mota limene limazungulira, ndipo chinthu chotchipa chimapha chodula. Makina olembedwa brushless alibe maburashi, musavutike kuwafuna.

Imani, zulani pulagi, osayatsanso ngati moto ukuzungulira amecha yonse ngati mphete, ngati mukumva fungo la vanishi wopsa, kapena ngati utsi ukuchokera m'thupi la makina osati pa thabwa. Mawaya a mota apsa. Imeneyo ndi ntchito ya okonza mamota.

Siikuyaka n'komwe

Ya nthambo:

1. Soketi. Yesani chipangizo china pomwepo. N'kutheka ESCOM yazimitsa kapena mayunitsi atha.
2. Fyuzi ya m'pulagi. Makina a mawati 300 amakoka ma ampu osakwana 2, ndipo fyuzi ya 5A ndi yokwanira. Ikapsanso mutangosintha, pali shoti. Musakulunge waya kapena pepala la siliva m'malo mwa fyuzi.
3. Pulagi yachilendo. Za ku Joni ndi za ku Mozambique zimabwera ndi mapini ozungulira, ndipo maadaputa otchipa amakhwefuka. Dulani muike pulagi yathu ya mapini atatu a makona.
4. Nthambo yaduka mkati. Imakonda kuduka pamene ikulowa m'makina, chifukwa chokulunga mothina. Ngati makina amayaka mukapinda nthambo pamenepo, ndi pomwepo. Imafunika kuidula, kuifupikitsa ndi kuilumikizanso mkati. Kumata tepi kunja si kukonza.
5. Maburashi, monga tafotokozera.
6. Switchi yadzaza fumbi. Uzirani, muiyendetse kangapo pulagi ili yozula.
7. Kabodi ka magetsi ka mkati koyendetsa liwiro kapsa. Kawirikawiri izi zimatsatira jenereta yaing'ono yopanda AVR (kachipangizo kokhazikitsa mphamvu ya magetsi), imene magetsi ake amakwera ndi kutsika, kapena invetala ya sola yosalembedwa pure sine wave. Chizindikiro china ndi makina kumangolira pa liwiro limodzi kagudumu kakutembenuzidwa. Kabodi kamasinthidwa, sikakonzedwa.

Musanalumikize makina akaunjika, werengani kachikwangwani kake. Magetsi athu ndi a 230V. Ngati palembedwa 110V kapena 120V, monga a ku America, apsa nthawi yomweyo popanda thiransifoma. Ma chaja nawonso chimodzimodzi.

Ya batire:

Yambani ndi kuyesa batire lina, kapena batire lomwelo pa dirilo ya kampani yomweyo. Mukatero mwadziwa kale mbali imene ili ndi vuto. Pukutani timapini ndi kansalu kouma. Ngati makina amazima okha pakati pa ntchito n'kuyakanso pakapita kanthawi, ndi chitetezo cha batire chikudula chifukwa cha kukanikiza kapena kutentha. Sichinawonongeke, chikukuuzani kuti muchepetse dzanja. Batire laling'ono la 1.5Ah kapena 2Ah limatha msanga posalaza ndi pa girawuti, ndipo 4Ah imapirira bwino.

M'mawa wa Juni ndi Julayi, pamene chisanu cha ku Dedza, Lizulu ndi Tsangano chafika pachimake, batire limene lagona mushedi limaoneka lofooka ndipo ma chaja ena amakana kulilandira, nyali n'kumangophethira. Lilowetseni m'nyumba lifunde lokha ola limodzi. Osaliika pafupi ndi mbaula, osaliyanika pa lata. Batire lotentha chifukwa cha ntchito nalonso lidikire lizizire lisanapite pa chaja.

Mabatire olembedwa 18V ndi olembedwa 20V Max mkati ndi amodzi, maselo asanu otsatizana. Lodzaza limawerenga mavoti 20 kapena kupitirira pang'ono pa mita. Likamawerenga pansi kwambiri ndipo chaja ikulikana, pali selo yakufa. Kulidzutsa polumikiza mawaya ku batire la galimoto kapena la sola ndi njira yowotchera nyumba. Batire lotupa, long'aluka, lonunkha kapena lotentha lili chikhalire litulutseni panja, muliike pa simenti kapena pa mchenga kutali ndi utuchi, ndipo lisabwererenso pa chaja.

Pamene muyenera kusiya n'kuitana wodziwa

- Makina akugwirani shoko, ngakhale pang'ono. Makinawa chikuto chake ndi chotchinga magetsi kawiri, ndiye shoko ikutanthauza kuti china chasweka kapena mwalowa madzi.
- Mwadula siling'i kapena khoma n'kumva kuphulika, magetsi n'kuzima. Mwakhudza nthambo. Zimitsani pa bokosi lalikulu, muitane wamagetsi wa chiphaso cha MERA. Ulendo wina musanaboole siling'i, zimitsani magetsi a chipindacho, suzumirani pamwamba, ndipo matani tepi pampeni posonyeza polekezera kuti usalowe kupitirira kukhuthala kwa bolodi.
- Mwapeza malata otuwa okhala ngati simenti, mabolodi akale a siling'i otuwa, kapena matailosi akale a pulasitiki m'nyumba zamakedzana. Zina mwa zimenezi zili ndi asibesitosi. Musadule, musasalaze, musapale. Fumbi lake limayambitsa matenda a m'mapapo amene amaonekera patapita zaka zambiri.
- Penti yakale kwambiri ya pa zitseko ndi mawindo ikhoza kukhala ndi mtovu. Musaisalaze youma m'nyumba mmene muli ana.
- Zala zikuchita dzanzi kapena kuyera mukagwira ntchito, makamaka kukazizira. Ndi kunjenjemera kwa makina. Pumirani pafupipafupi, musafinye chogwirira, manja azikhala ofunda. Dzanzi likamakhalapo mpaka tsiku lotsatira, pitani kuchipatala.
- Makina akadali pa waranti. Mukamasula sikuruu ya chikuto, waranti yatha. Bwererani nawo kumene munagula ndi lisiti.

Popita kwa okonza, kaya pa boma pompano, ku Ntcheu kapena ku Lilongwe, nyamulani makina ndi mpeni umene unalipo, batire ndi chaja yake, ndipo jambulani kachikwangwani ka nambala ya modelo pafoni. Auzeni chimene mumadula, magetsi amene munalumikizako, ndi phokoso kapena fungo limene linayamba. Funsani mtengo wa amecha kapena mutu asanatsegule. Pa makina otchipa opanda dzina lodziwika zipangizo zimenezi sizipezeka kawirikawiri, ndipo chimene mungapulumutse ndi nthambo, maburashi, washa ndi bawuti lake.